Ndinayankha Ameni Pomwe Ankanena za Mtedza

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kupha mwana wa eni ake chifukwa chovomera zinthu zomwe sindinamve. Sindinamumenye mwanayo, ndipo ndinkamukonda. Ndinangoopa kunena kuti "bwerezani, sindinamve." Ndalemba izi kuti wina amene analeredwa ngati ine asadzachite zomwe ndinachita.

Kwathu ndi kumapiri a ku Ntchisi. Kumudzi kwathu mwana wabwino amagwada polankhula ndi akulu, amayang'ana pansi, ndipo akauzidwa kanthu amangoti "chabwino". Kufunsa kachiwiri kumaoneka ngati mwano kapena umbuli. Ine ndinali mwana wabwino wotero. Nditamaliza Folomu 4 pa sekondale yoyendera, ndinayamba kuthandiza pa sukulu ya mkaka ya kutchalitchi kwathu. Msuweni wanga, amene amayendetsa thiraki yopita ku Nampula ku Mozambique, ndiye anandiuza kuti sukulu ina ya ana aang'ono kumeneko ikufuna munthu wophunzitsa Chingerezi. Pasipoti itatuluka, ndinanyamuka naye.

Tsiku loyamba mwini sukuluyo, mayi wachangu wodziwa bwino Chingerezi, anandifunsa ngati ndimamvako Chipwitikizi. Ine ndinkangodziwa moni ndi zikomo, zomwe msuweni wanga anandiphunzitsa panjira. Koma ndinayang'ana pansi n'kunena kuti inde, pang'ono. Ndinaopa kuti ndikakana andibweza, chonsecho mpingo wonse unali utandipempherera kale ponditsanzika. Mayiyo anakondwa, n'kunena kuti ndiye makolo a ana anga ndizilankhula nawo ndekha pageti.

Anandipatsa kalasi ya ana a zaka zinayi. Kuphunzitsako sikunandivute kwenikweni. Ana safuna mawu ambiri. Ukaimba nawo, ukaloza mphuno, ukaloza khutu, amatsatira. Vuto linali m'mawa pageti paja. Makolo ankalankhula mothamanga, ine n'kumangomwetulira n'kumati "sim, sim", ndiye kuti inde m'chinenero chawo. Panapita masabata atatu popanda choipa, ndipo ndinayamba kudziona ngati wochenjera.

Kenako kunabwera mwana watsopano dzina lake Neliya, kamtsikana kochepa thupi, kamanyazi ngati ine ndomwe. Mayi ake anandigwira dzanja, nkhope ili yosaseka, n'kulankhula nthawi yaitali. Ankaloza mwanayo, ankadzigwira pakhosi, ankakweza chala m'mwamba. Pa zonsezo ndinagwirapo liwu limodzi lokha lomwe ankalibwereza, lomveka ngati "amendwi". M'makutu mwanga ine wokulira m'tchalitchi linamveka ngati Ameni. Ndinaganiza kuti ndi mayi wopemphera, akupereka mwana wake m'manja mwa Mulungu ndi mwanga. Ndinaweramitsa mutu n'kuyankha kuti "Ameni." Anandiyang'ana modabwa, n'kundifunsa kanthu katatu, ndipo katatu konse ndinati "sim". Anandipatsanso kapepala kokhala ndi chidindo. Ndinakapinda bwinobwino n'kukaika m'Baibulo langa osaonetsa munthu, kuopa kuti zingadziwike kuti sinditha kukawerenga.

Liwu lija, inu owerenga, ndi dzina la mtedza m'Chipwitikizi.

Sabata yomweyo msuweni wanga anandibweretsera kathumba ka mtedza wa chalimbana komwe amayi anga ananditumizira kuchokera kumunda kwathu. Ndinaukazinga n'kuthira mchere. Lachinayi m'mawa ndinapita nawo kusukulu kuti ndiphunzitsire manambala. Kumudzi tinkawerengera timiyala ndi zitsekerero za mabotolo, ndiye ndinaona kuti mtedza uposa zimenezo chifukwa mwana akawerenga bwino adya. Pakhoma panali lamulo lakuti ana azidya zochokera kwawo zokha, koma linalembedwa m'Chipwitikizi ndipo sindinafunsepo tanthauzo lake.

Mwana aliyense ndinamupatsa njere khumi. Neliya anawerenga mokweza kuyambira "one" mpaka "ten" osalakwitsa, ndipo kanali koyamba kuti ndimve mawu ake bwinobwino. Ndinamuombera m'manja n'kumuuza kuti adye. Anapukusa mutu. Apa ndi pamene mtima umandipwetekera kwambiri. Kwathu mwana waulemu amayamba wakana chakudya, ndipo wamkulu amamukakamiza kufikira atalandira. Ine ndinaganiza kuti ndi manyazi. Ndinagwada pambali pake, n'kumunyengerera kuti "Eat, good girl." Anandiyang'ana, n'kudya. Anadya chifukwa nayenso anali mwana womvera.

Sipanapite nthawi, anayamba kukanda pakhosi. Milomo inatupa, zikope zinatupa, kupuma kunkamveka ngati likhweru. Ine ndinathamangira madzi poganiza kuti watsamwa. Mayi wina wosesa pasukulupo analowa, ndipo ataona mtedza patebulo anakuwa liwu lomwe lija. Apo ndi pamene ndinadziwa kuti sanali Ameni. Mwini sukulu anabwera chothamanga, ananyamula mwanayo m'galimoto yake n'kuthamangira naye kuchipatala. Ine ndinatsala ndi ana ena akulira, mtedza uli mbwee pansi.

Neliya anagona m'chipatala masiku awiri, ndipo Mulungu anatichitira chifundo, anachira. Madokotala anati akadachedwa naye pang'ono sakadapulumuka. Pali anthu ena amene thupi lawo limadana ndi mtedza mpaka kutseka kukhosi, ndipo ine izi ndinali ndisanamvepo.

Lolemba lotsatira anandiitana muofesi. Munali mwini sukulu ndi mayi ake a Neliya. Anandifunsa za kapepala kaja, ndipo ndinakatulutsa m'Baibulo kali kopindapinda monga ndinakaikira. Mwini sukulu anandiwerengera m'Chingerezi. Kanali kochokera kwa dokotala, ndipo kanati mwanayo asalawe mtedza, komanso kuti mankhwala ake adzidzidzi ali m'kathumba ka kutsogolo kwa chikwama chake. Chikwamacho chinali chitapachikidwa kuseri kwa mpando wanga nthawi yonse imene ndinkathamangira madzi.

Ndinagwada pansi kupepesa monga timachitira kwathu. Mayi ake a Neliya sanandikalipire. Analankhula motsitsa, mwini sukulu akumasulira.

"Akuti dzukani. Akuti anakufunsani katatu ngati mwamva. Mukadanena kuti ayi kamodzi kokha, akadalowa nanu muofesi muno."

Ndinadzuka. Mwini sukulu anandifunsanso funso la tsiku loyamba lija, ngati ndimamva Chipwitikizi. Ndinati ayi, sindimva. Anapukusa mutu n'kunena kuti akadandilembabe ntchito, chifukwa ankafuna Chingerezi changa, ndipo makolo akadamalankhula nawo yekha. Anati tsopano sangathenso kundisiyira ana, poti inde wanga sangamukhulupirire. Sindinamuone kulakwa.

Ndinabwerera pathiraki yomwe ija. Nditafika kumudzi n'kufotokoza, amayi anagwira pakamwa.

"Mtedza? Womwewu timatsira kundiwowu? Aaa, iwe mwana, wangobisa china."

Nditawauza za Ameni uja, anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga analeka. Kenako ananena kuti, "Nanga si ndife tinakuphunzitsa kuti wamkulu safunsidwa kawiri." Sindikuwaimba mlandu. Anandiphunzitsa ulemu, ndipo ulemuwo ndi wabwino. Ndine ndinausandutsa pobisalira umbuli wanga.

Lero ndabwereranso pa sukulu ya mkaka ya kutchalitchi kwathu. Kholo likabweretsa mwana, ndimafunsa ngati pali chimene mwanayo sadya kapena matenda amene ali nawo, ndipo ndimabwereza yankho lake mokweza kuti atsimikize kuti ndamva. Ena amandiseka kuti ndikuchita ngati nesi. Mwana akakana chakudya sindimukakamiza.

Inu owerenga, makamaka inu achinyamata amene mukufuna kukagwira ntchito kunja, musanamize kuti mumadziwa chinenero chomwe simuchidziwa. Mukapatsidwa pepala loti simutha kuliwerenga, funani wokuwerengerani tsiku lomwelo. Mukasiyiridwa mwana, funsani mpaka mutamvetsa, ngakhale akuoneni ngati mbuli ya kumudzi. Manyazi anga akadaika mwana wa zaka zinayi m'manda.

Ana anga a chaka chino sanafike pa "ten". Koma pali mawu amene ndimayamba nawo tsiku loyamba, ndipo onse amawatha. Ndimalankhula dala mothamanga, kenako ndimafunsa ngati amva. Amakweza manja n'kukuwa kuti, "Teacher, I don't understand!" Ndipo ine ndimawaombera m'manja.