Nsanja Yadothi ya ku Kanyama

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mmisiri wotchuka, ngakhale kutchukako kunathera pa mzere wathu wa nyumba ku Kanyama. Ndinali ndi zaka khumi. Tikakwera pa mulu wa miyala kuseri kwa tchalitchi, tinkaiona nyumba yosanja ija ya kumapeto kwa Cairo Road, imene nthawiyo inalibe inzake mu Lusaka. Pansi inali yoonda, pamwamba yotambalala, ngati bowa woiwala kusiya kukula.

Mutale, kaputeni wa timu yathu ya mpira womanga ndi mapulasitiki, ankati imaima ndi mankhwala. Ine, pakamwa panga posatseka, ndinati ndiumba yotero ndi dothi ndipo iima.

"Ikagwa uzankala pa goli mpaka ukakwatile," anatero Mutale. Kwathu pa goli pankakhala munthu wopanda ntchito.

Ndinaumba, inagwa. Ndinaumbanso, inapinda khosi ngati nkhuku yachitopa. Anzanga akandiona ankavula zipewa zimene analibe: "Mwauka bwanji, ba Injiniya?"

Amayi anandipeza kuseri kwa nyumba, dothi mpaka m'makutu, misozi ili pafupi. Iwo anagulitsako zitumbuwa kwa omanga nyumbayo, m'masiku amene ndalama ya migodi ya kopa inkamveka fungo m'tauni. Anayang'ana chibumacho n'kuseka.

"Iwe uyambila kunja. Baja sanayambe na vipupa. Banayamba na chipilala pakati, nsimbi na simenti, mwamene muyenda lifiti. Chinakwela cheka. Vipinda vinabwela pambuyo, kugwilila monga nthambi ku mutengo."

Ndinatola chitsulo chadzimbiri pa dzala, ndinachikhomera pansi ndi mwala mpaka zikhatho kutuluka matuza. Ndinaboola zivundikiro za zitini, n'kuzimangirira pa chitsulocho ndi waya, chaching'ono pansi, zazikulu pamwamba. Kenako ndinamata dothi, ndi kulemba mawindo ndi minga.

Itauma ndinaitana timu yonse. Mutale anaizungulira. Anaiuzira mpweya mpaka masaya kutupa. Anadumphadumpha pambali pake kuti nthaka igwedezeke. Nsanja yanga inangoti njo, yofika m'chiuno mwanga, mutu waukulu pa mwendo umodzi.

"Mwaiche, waikamo chani?" anafunsa Mutale.

"Fupa," ndinayankha, chifuwa chili patsogolo.

Anzanga anandinyamula m'mwamba, fumbi kobo, agalu akuuwa. Madzulo amenewo ndinasewera kutsogolo, ndipo ndinaphonya chigoli chimene ngakhale mbuzi ikanamwetsa. Palibe anandibweza pa goli.

Nditakula ndinawerenga mabuku akale a zomangamanga ogula pa msika, ndipo ndinapeza zomwezo zitalembedwa m'mawu ataliatali. Tsopano ndimadziwa kuti maso athu amathamangira magalasi ndi utoto, pamene chonyamula katundu chimakhala m'kati, chili chete. Mwana wanga akandionetsa chinthu chokongola, kaya nyumba, kaya chibwenzi, ndimayamba ndamufunsa kuti: pakati pali chiyani?