Njoka mu Ndowa ya Abuda

Amdala oyandikana ndi Tinenenji ku komboni ya Kanyama ndi Abuda, chipembedzo chimene anatola kwa bwana wawo wa ku Sri Lanka kampani ya boma imene ankagwirako ntchito isanagulitsidwe. Amangokhala patsinde pa papaya, atapinda miyendo, atatsinzina. Sapha ngakhale mphemvu, akuti nayonso ili ndi ana. Anthu amati ndi a Satana, choncho Tinenenji amawabisira khanda lake.

Tsiku lina njoka inadzipinda pamkeka, pambali pa khandalo. Azibambo amene anali pafupi anathawa, ati akukafuna miyala. Amdala anabwera osathamanga, n'kuivundikira ndi ndowa.

"Osaipaya, amake mwana. Nayo yenze na mantha monga imwe. Nizaipeleka kusanga, kuthengo uko."

Tinenenji anakumbatira khanda lake.

"Zikomo, batate. Koma kusanga ni kutali. Bapongozi banga bankala pafupi apa, ku Matero."