Ng'oma Yomwe Ndinaimwetsa Madzi

Ndikukumbukira chaka chomwe msuweni wanga Desimoni anafika kukomboni kwathu ku St Mary's, m'dziko la Achishona, kuchokera ku Mangalande. Nkhondo yomenyera ufulu inali isanathe, ine ndili fomu thu. Anali mwana wa azakhali, mlongo wawo wa bambo, omwe ankagwira ntchito ya unamwino kumeneko. Anatsika basi atakolekera wailesi ya kaseti paphewa, akuti wabwera kudzaphunzira nyimbo za makolo ake. Chichewa chake chinali chotsimphina, changa chodzaza Chishona, koma tinkamvana.

Bambo anali ndi ng'oma yochokera ku Dedza, imene inabwera pamutu pa anthu odzagwira ntchito m'mafamu a fodya. Inali yakuda ndi utsi, yonunkha chikopa ndi thukuta. Sindinkaiimba, mtima wanga unali pa magitala a pawailesi, koma ndine ndinkaipukuta fumbi ndi kuwasenzera bambo kumaukwati. Ndinkadziwa kuti ndi yanga. Kwa anzanga Achishona za bambo zimagwera mwana wamwamuna, ndipo m'nyumba mwathu mnyamata ndinali ndekha.

Desimoni anaikakamira ng'omayo ngati nkhupakupa, mpaka bambo anamulola kuti akaimbire amayi a chimtali paukwati wina ku Seke. M'mawa wa tsikulo anandifunsa monong'ona kuti woimba ng'oma amakonzekera bwanji.

"Ng'oma yakale imamva ludzu, msuweni," ndinatero. "Uimwetse kaye. Akuluakulu sanena zimenezi, amafuna uzindikire wekha."

Anagwada kuseri kwa nyumba n'kuthira madzi pachikopa mwaulemu wonse. Ine ndinaluma kolala ya malaya kuti ndisaseke.

Kuukwati amayi anamanga zitenje m'chiuno, anazungulira bwalo, nyimbo inayambika. Desimoni anamenya. Ng'oma inangoti bwa, bwa, ngati munthu akuponda matope.

"Mwana wa ku Mangalande, kodi ukukanda ufa wa mandasi?" anafunsa mayi wina.

Ndinaseka mpaka kugubuduzika pafumbi, ndipo mpaka lero ndikakumbuka ndimasekabe.

Bambo anakhudza chikopa chija n'kundiyang'ana. Ndinayembekezera mkwapulo, koma sunabwere. Anakoleza moto wa udzu, n'kumusonyeza Desimoni kawambidwe ka ng'oma: kuitembenuza pang'onopang'ono, kugogoda ndi chala, kumvetsera. Amayi anadikira akuwomba m'manja mpaka chikopa chinauma, ng'oma n'kuyamba kulira.

"Asuweni amaseleulana, palibe mlandu," anatero bambo tikubwerera. "Koma ugwiritse zimene waona lero, Desimoni. Ng'omayi ukupita nayo."

"Baba, nanga ine?"

"Iwe ndiwe wa kwa amako. Kwathu za malume zimapita kwa mwana wa mlongo. Inenso anandipatsa ndi amalume anga."

Anayankhula ngati akundiuza kuti kunja kwacha. Zaka zonse zija ankandiona ndikuwerama ndi ng'oma pamsana, osanditsina khutu n'komwe. Tsiku lonyamuka Desimoni, bambo anandiuzanso kuti ndimusenzere ng'omayo mpaka pabasi.

Tsopano ndimamvetsa kuti bambo ankakhala ku St Mary's ndi thupi lokha. Lamulo lawo linatsalira ku Dedza, ndipo ankangodikira mwini ng'oma afike. Ine ndinali wosungira chabe. Desimoni amaiimbabe ku Mangalande, ndipo akanditumizira moni amafunsa ngati ndinalapa. Ndimamuyankha zoona, kuti chimene ndimadandaula n'chimodzi. Ndikanadziwa, ndikanamuuza akaigoneke mumtsinje wa Manyame.