Mkamwini Wolima Atavala Masokosi M'manja

Malemu amuna anga anali ndi manja ofewa ngati a khanda. Anthu akawapatsa moni ankachedwa kusiya dzanja, ena mpaka kulitembenuza kuti aone ngati mulidi mafupa. Ntchito yawo inali kuliza limba lalikulu la azungu lija amati piyano, ndi kuphunzitsa nyimbo ana a sukulu ya mishoni. Anawaphunzitsa ndi dona wina, mkazi wa dokotala wa pamishonipo, kuyambira ali mwana. Pomwe ankandifunsira, nkhondo yaikulu ija itangotha, azungu ankachita kuwatumizira uthenga kuti akwere sitima pa Balaka akawaimbire pa maukwati awo. Nyimbo zake zopanda mawu, zopanda ng'oma, zosati munthu n'kuvina. Anthu amangokhala duu, ikatha n'kuwomba m'manja.

Zonsezo kwathu kwa Mposa zinalibe ntchito. Kwathu mwamuna akakwatira amadzakhala kwa mkazi, ndipo mkamwini amadziwika ndi khasu. Mayi anga anali atasungiratu munda wa thonje kuti mkamwini adzayambirepo.

Sukulu itatsekera, amuna anga anatulukira kumundako atavala masokosi m'manja, awiriawiri dzanja lililonse. Ine manyazi anandigwira, ndinaweramira mzere wanga osadzutsa mutu. Analima mizere itatu yokhota ngati njira ya woledzera, ndipo dzuwa lisanafike pamutu matuza anali atatuluka ndithu. Lamulungu lake kutchalitchi zala zinakana. Nyimbo yomwe tonse tinkaidziwa inatuluka ikutsimphina, ndipo dona uja ataona zikhatho zawo anafiira ngati tsabola wakupsa.

Pobwerera anandiuza kuti, "Akazanga, khasu ndi limba sizingagone m'dzanja limodzi. Ine ndalekera pomwepa."

Tsono mwambo wakwathu, mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana kumaso, salankhulana. Akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Ndiye mayi mkwiyo wawo ankauzira nkhuku. Ankaima pabwalo ndi lichero, mawu atakweza kuti afike m'nyumba mwathu.

"Iwe thadzi, ukudya chimanga changa, unalima? Komabe iwe bola, umapalasa pansi ndi zala zako. Ena zala amadzoza mafuta a nsatsi ngati namwali wochokera ku chinamwali cha nsondo."

Amuna anga m'nyumba muja amvekere, "Akazanga, kauzeni nkhukuyo kuti zala zimenezi ndi zomwe zabweretsa mchere pakhomo pano."

Ndisanadzuke n'komwe mayi anali atayankha. "Nkhuku imve bwino. Mchere sathira m'mbale yopanda kanthu."

Chinaonjeza moto ndi thabwa. Piyano inali kumishoni, kutali, ndipo iwo ankati zala zikagona masiku awiri zimaiwala njira. Ndiye anapeza thabwa, n'kujambulapo mano a limba, oyera ndi njereza, akuda ndi makala. M'mawa uliwonse, anthu akudutsa ndi makasu paphewa, iwo ali pakhonde, thabwa pamiyendo, maso atatsinzina, mutu uli pendapenda, zala zikuthamanga. Phokoso ayi ndithu. Achinyamata ankaima n'kunena kuti, "Aphunzitsi, lero ndiye ikumveka bwino." Iwo n'kugwedeza mutu kuthokoza. Nthawi zina ankaima mwadzidzidzi, nkhope itakwinyika, n'kunena kuti, "Ndalakwitsa," n'kuyambiranso.

Mayi anandikokera kuseri kwa nyumba. "Mwanawe, walakwitsa chiyani munthuyu, thabwa silinanene kanthu? Iyayi, uyu si ulesi wokha. Ndiitana amjomba ako, abwerere kwawo."

Ine ndinali ndi pakati poyamba. Ndipo munthuyo ndinkamufuna, ndisaname. Sanandikalipirepo, ndipo tikakhala awiri zala zake zinkayenda pamkono panga, iye akunditchulira kuti pano nyimbo ikukwera phiri, pano ikutsikira kudambo. Ndinkalima mizere yanga ndi yake yomwe, koma mayi ankadziwa kalimidwe kanga ngati nkhope yanga.

Amjomba, mchimwene wa mayi, anali Msilamu, telala wa pa Nsanama. Anabwera pa njinga, n'kutikhazika pansi pa mtengo wa mango, mayi atafulatira uku, amuna anga atafulatira uko, ngati anthu awiri odikira sitima zosiyana.

"Achemwali," anatero amjomba, "inenso ndimadyera zala. Khasu ndinaliiwala kalekale."

"Inuyo akuthamangitseni apongozi anu, achimwene. Ine ndikunena za wanga."

"Nanga inu akamwini, mukuti bwanji?"

"Ndikuti ndikhoza kuphunzitsa ana onse a mudzi uno kuimba, ulere."

"Auzeni," mayi anayankhira kumtengo, "kuti ana a mudzi uno amaimba kale. Ndi njala."

Amjomba anavula kofia, n'kukanda m'mutu, n'kugamula kuti mkamwini akhale mpaka thonje ligulitsidwe. Ikafika nthawiyo osaoneka ntchito ya manja ake pakhomo, anyamule thabwa lake azipita.

Thonje chaka chimenecho linabereka zedi. Tinatola ine ndi mayi, poti makoko ake amabaya zala. Koma kutola si kutha ntchito. Ogula kumsika ankafuna loyera palokha, lothimbirira palokha, zitsotso ndi masamba zonse zichoke, apo ayi amalibweza lonse. Kusankha kumeneko inali ntchito ya amayi ndi nkhalamba, yokhala pamphasa, yotopetsa msana. Msika unatsala masiku anayi, mulu uli pakhonde kutalika ngati chulu, ine miyendo itatupa.

M'mawa wina mayi atapita kuchitsime, amuna anga anasiya thabwa n'kudzakhala pamphasa pambali panga. Mwamuna wina akanayamba wayang'ana kaye ngati kukubwera anthu. Iwo ayi.

"Mumatani apa?"

"Loyera uku, lakuda uku, zinyalala pansi. Koma aphunzitsi, akusekani."

"Amandiseka kale."

Anatapa thonje. Poyamba pang'onopang'ono, kenako ndinangoona dzanja lamanzere likuchita zake, lamanja zake, osafunsana. Chala chilichonse chinali ndi maso akeake. Kachitsotso kobisala mkati, komwe ine ndi zikhatho zanga zolimba ngati chikumba sindikanakamva, iwo ankakapeza asanakaone. Anayamba kung'ung'udza nyimbo, phazi likuponda pansi. Ine ndisanafike pakati pa dengu langa, iwo lawo anali atamaliza.

Mayi anabwera ndi mtsuko pamutu, n'kuima kuseri kwa nkhokwe. Anaima pamenepo mpaka madzi anayamba kuwatsikira m'khosi, kutula osakumbukira. Kenako ndinamva kukwekwereza. Anali atatenga nsungwi yaitali, akukankhira nayo dengu lina lodzaza kwa mkamwini, iwo nkhope atayang'ana kumbali. Mulu wonse unatha masiku awiri, ndipo kumsika sanatibwezere ngakhale kadzanja.

Mbiri inawanda. Amayi a m'mudzi anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzabwereka mkamwini. Mayi anaika lamulo lawo: wofuna zala za aphunzitsi tsiku limodzi, atumize mwamuna wake adzalime m'munda mwathu tsiku limodzi dzinja likubweralo. Amuna omwe ankaseka thabwa aja ndi omwe anadzaunda mizere yathu, yowongoka bwino.

Amjomba anabweranso monga anapanganira, kudzamaliza mlandu.

Mayi amvekere, "Mlandu wanjinso, achimwene? Mkamwini wanga ali pa ntchito kwa anthu. Khalani mudye, musakamusokoneze."

Chaka chotsatira amuna anga, mwina manyazi, anatola khasu kuti andithandize m'dimba. Mayi anandituma kukawalanda, ndipo makasu onse ankagona kunyumba kwa mayi kuyambira pamenepo.

Amuna anga anaphunzitsa zaka zambiri, ana ena mpaka anadzakhala oliza limba m'matchalitchi akutali. Mayi anamva mkamwini wawo akuliza limba kamodzi kokha, tsiku lomwe ana a sukulu ankaonetsa makolo zomwe aphunzira. Anakhala kumbuyo kwenikweni, mdzukulu ali pamiyendo. Amuna anga analiza nyimbo yaitali, thukuta kamukamu, azungu n'kuimirira powomba m'manja. Pobwerera ndinawafunsa mayi kuti zawakomera bwanji.

"Zala ndi zomwe zija," anatero. "Koma ntchito yonse ija, pansi osagwa ngakhale kachitsotso. Azungu akumuwononga mwana wa eni. Umuuze asatope kwambiri, thonje layamba kuphulika."