Mkamwini Wopalira Galasi

Zinayamba m'nyengo yozizira ya chaka cha 2008, chaka chimene nyumba zatsopano zinasiya kumera mu Dublin. Ine ndinatera Lachiwiri pa 4 Novembala, kudzathandiza mwana wanga Mavis, namwino, amene anali atangochira kumene. Khandalo linali lalikazi, Tiza. Ankakhala ku Ongar, dera la m'mphepete mwa Dublin, m'nyumba yopanikizana ndi zinzake, ya masitepe amodzi ndi khomo limodzi. M'nyumbamo munalinso amuna ake, a Kebby, akamwini anga. Nkhani ino ndi yawo.

A Kebby anabadwira ku Katete, ku Zambia, pa 11 Epulo 1972. Ndi Mchewa ngati ife a ku Dedza, kungoti galimoto amati motoka. Anakwatira Mavis mu 2004, koma pamudzi pathu sanakhalitsepo, anangokwera ndege. Munda wa apongozi sanaulime ngakhale mzere umodzi. Ine sindinadandaule, poti ndinaphunzitsa sukulu zaka zambiri ndipo ndimadziwa kuti dziko linasintha. Koma iwo chinkawadya mumtima. Amalume awo amene anawalera anawaphunzitsa malamulo awiri: mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake, ndipo apongozi akamadzuka azipeza mkamwini ali kale pantchito.

Lamulo loyambalo linali lovuta m'nyumba ya masitepe amodzi. Akandimva ndikutsika, ankalowa m'kabati ya kunsi kwa masitepe, momwe munkakhala maambulera ndi makina osesera, nkukhala chete mpaka nditadutsa. Loweruka lina ndinaiwala kudutsa. Ndinakhala pomwepo nkuyamba kusoka. Anatulukamo masana, Mavis atabwera kuntchito. Zokambirana zathu zonse zinkadzera mwa Mavisyo, ine nditayang'ana zenera, iwo atayang'ana firiji.

"Uwauze bambo a Tiza kuti tiyi wapsa."

"Akumva, amayi. Si awa ali apawa?"

"Uwauzebe."

Lamulo lachiwiri linalibe pogwira, chifukwa munda kunalibe. Kuseri kunali kapinga wa mwini nyumba, ndipo ankaletsa kukumba. Kenako chisanu choyamba chinagwa, ndipo chinagwadi Lachisanu, pa 28 Novembala. Galasi lakutsogolo la galimoto yawo linayera mbuu, lolimba ngati mbale. A Kebby anathirapo ketulo yonse ya madzi owira. Galasi linalira kuti thee, nkung'aluka pakona. Madziwo anayenderera mpaka pakhomo la mnansi wathu Gerard, Muairishi wokonza mapaipi, nkuundana pomwepo. Gerard anatuluka atavala masilipasi, anaterereka, nkukhala pansi. Ali chikhalire pansipo anawafotokozera m'Chingerezi kuti galasi lozizira silimwa tiyi. Atadzuka anawapatsa chopalira chapulasitiki.

A Kebby anachitembenuza uku ndi uku. Chinali ndi mpini waufupi ndi mutu wotambalala. Kanali kakhasu.

Kuyambira tsikulo anapeza munda, ndipo unali munda wabwino kwa mkamwini, poti udzu wake unkamera usiku uliwonse. Ankadzuka kusanache, nkumapalira galasilo mizeremizere, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Galimotoyo inkaima kunsi kwa zenera la chipinda changa. Akaona kuti katani sakugwedezeka, ankatsokomola. Ine ndinkagwedeza katani, iwo nkupitiriza. Akamaliza ankavala chipewa cholimba ndi majombo, nkupita komwe ankayendetsa makina onyamula njerwa.

Ntchitoyo inatha Lachisanu pa 30 Januwale 2009. Palibe anandiuza. Ndinadziwira majombo: sabata yotsatira ankabwera opanda matope. A Kebby anali atamuuza Mavis kuti tsiku limene apongozi adzamve kuti iwo ndi lova, sadzapondanso m'nyumbamo. Choncho m'mawa uliwonse ankapalira galasi, kuvala chipewa, nkunyamuka ndi kamba wawo m'manja. Ine ndinalibe njira yowauzira kuti ndikudziwa, chifukwa kunena zimenezo kukanakhala kuwavula zovala pabwalo.

Galimoto inayenda komaliza Lolemba pa 9 Malichi. Inshuwalansi inatha, kenako batire linafa, matayala nkuphwa. Izi sizinasokoneze ulimi. Ankapalira galasi lonse mpaka mbee, kupukuta timagalasi tam'mbali, kenako nkutumiza uthenga.

"Uuze amayi kuti lero tirafiki ni yambiri maningi. Nizakwera basi."

"Uwauze kuti ayende bwino. Misewu ya masiku ano njodzadzadi."

Msewu wathu nthawi imeneyo unali zii. Anthu theka anali pakhomo, ntchito zitawathera.

Miyezi yotentha inawasautsa. Chisanu kunalibe, ndiye ankapukuta mame ndi kansanza, koma nsanza simveka pazenera. Anaonda. Chisanu chitabwerera mu Novembala, ndinawamva akuimba nyimbo ya kutchalitchi pabwalo.

Tsiku lina ndinawamvera chisoni poona zala zawo zitatupa. Ndinapereka kwa Mavis chitenje changa cha Amayi a Chikatolika kuti azifunditsa galasi madzulo. M'mawa mwake chitenjecho chinali chitauma gwa. Anachinyamula ngati lata, nkuchiimika pakhoma, ndipo chinaima chokha. Kunsi kwake galasi linali loyera, lopanda chopalira. Anaima pamenepo nthawi yaitali, kakhasu m'manja, ngati munthu amene wapeza wina atamulimira munda usiku. Madzulo chitenje chinabwerera chitapindidwa bwino, ndi uthenga wakuti zikomo kwambiri, koma chingang'ambike.

Mu Januwale 2010 kunazizira moti mapaipi a madzi anaundana m'nyumba zambiri. Gerard, amene ntchito yake pakampani inali itathanso, anayamba kutuluka m'mawa kudzaonerera. Poyamba ankangoseka.

"Kebby, galimotoyi ikupita kuti lero? Ku Cork?"

"Kunchito."

"Matayala ake akudziwa zimenezo?"

Sipanapite nthawi, nayenso anatenga chopalira. Anati mkazi wake watopa kumuona pasofa. Awiriwo ankamaliza galimoto zawo, nkuyamba za anansi, mzere wonse mpaka kumapeto kwa msewu, kuphatikizapo ya mayi wina amene anali atasamukira ku Canada nkuisiya. Akatha ankafunsana mokweza, kunsi kwa zenera langa, kuti aliyense akulowera kuti. Wina ankati kuntchito, mnzake nkuti nayenso. Kenako ankapita limodzi kukakhala m'mbali mwa ngalande ya ku Clonsilla, nkumagawana kamba ndi abakha. Gerard ankati chabwino pantchito yawoyo nchakuti palibe angawachotse.

Lamlungu pa 5 Disembala 2010, tikuchokera ku Misa, tikuponda chipale chofewa mpaka m'akakolo, Mavis anaima panjira.

"Amayi, ndikuuzeni. Bambo a Tiza sali pantchito."

"Kuyambira pa 30 Januwale chaka chatha."

"Mumadziwa? Nanga osanena bwanji?"

"Ndinene kwa yani? Kwa firiji?"

Anaseka, kenako analira. Msuweni wa a Kebby anali ataimba foni kuti kumgodi wina ku Solwezi, ku Zambia, akufuna woyendetsa makina, ndipo malowo adikira mpaka Khrisimasi basi. A Kebby anakana. Anati sangavomere ntchito ina popanda kuulula kuti yoyambayo kulibe, komanso sangachotse mwana wa eni pamaso pa mayi ake asanalime nkomwe. "Adzafera pagalasi paja, amayi," anatero Mavis. "Ndipo galimotoyo ndi yakufa kale."

Ndinaganiza masiku awiri. Mawuwo anafunika kuchoka pakamwa panga kupita m'khutu mwawo, osadzera mwa Mavis, amene iwo akanamuganizira kuti wawonjezera zake. Koma m'nyumba monse munalibe khoma loti tilankhulirane popanda wina kuthawira m'kabati. Khoma loyenera linali panja.

Lachiwiri pa 7 Disembala ndinadzuka iwo asanadzuke, ndinavala majuzi atatu, nkutenga kiyi wa galimoto. Chitseko chinali chitamatirira. Gerard, amene anali atatuluka kale, anachithira madzi ofunda mpaka chinatseguka. Anangonena kuti ndikafuna kupita ku Cork ndimuuze. Ndinakhala pampando wakutsogolo nkutseka. Magalasi onse anali oyera mbuu, osaona kunja. Munkanunkha nkhungu.

Ndinamva majombo, kenako chifuwa chija cholunjika pazenera langa. Kakhasu kanayamba: kwee, kwee. Pakona panaoneka kabowo kolowa kuwala kwa nyale ya mumsewu.

"Bambo a Tiza, lekezani pomwepo. Mukapitiriza tionana."

Chopalira chinagwa pansi. Kenako ndinamva mawondo akugunda chipale.

"Mwauka bwanji, amayi?" Mawu ankachokera kunsi, pafupi ndi tayala.

"Ndadzuka bwino, kaya inu? Dzukani, mungaundane. Pali khoma pakati pathu, mwambo sunasweke."

"Nili bwino pano pamene."

"Chabwino. Ine ndabwera kudzayendera munda. Ndauona kuyambira pa 28 Novembala 2008. Simunajombepo. Mwapalira wanu, mwapalira wa anansi, mpaka wa mayi wa ku Canada. Kwathu kulibe mkamwini amene analimapo chonchi."

"Koma zokolola palibe, amayi."

"Mbewu yake ndi yotero. Mlimi alibe mlandu."

Ndinamva akufwenthera.

"Tsono mverani. Mkamwini akalima mokwanira, eni mbumba amamulola kutenga mkazi kupita naye kwawo. Ine chitengwa ndapereka. Mavis ndi Tiza muwatengere ku Zambia."

"Manje, amayi, nanga nchito yanga ya kuno?"

"Ntchito imeneyo mukaitsanzike. Mukawauze mabwana anu kuti apongozi alamula. Ndikudziwa kuti adandaula kutaya munthu ngati inu, koma apirire."

"Azadandaula zoona," anatero a Kebby. "Koma mawu a apongozi sakanika."

"Tsopano tembenukani muyang'ane kwa Gerard, ndituluke. Miyendo yanga yafa."

Chitseko chinali chitamatiriranso. A Kebby anachita kukawiritsa madzi, nkumathira atayang'ana kumbali, moti theka linathera pamajombo awo.

Anaimbira msuweni wawo tsiku lomwelo. Lachisanu lake anakatsanzika ntchito: Gerard anavala tayi, nkuwaperekeza kungalande, komwe anawayamikira pamaso pa abakha chifukwa cha kukhulupirika kwawo. Chitengwa sichipita chopanda nkhuku, choncho pa 18 Disembala ndinapeza nkhuku pakhomo la chipinda changa, itaikidwa m'mbale yatsopano. Inali ya m'sitolo, youndana ngati mwala. Mavis anafunsa ngati abambo ake a Tiza aipalirenso. M'kabati ya kunsi kwa masitepe munamveka kuseka.

Tinagwirizana kuti iwo atsogole, ife atatu tidzanyamuke Mavis akamaliza kontirakiti yake. Galimoto anaigulitsa kwa anthu ophwasula, koma anawapempha kuti adzaitenge iwo atapita.

M'mawa wa ulendo chisanu chinagwa chambiri. Anapalira galasi lonse mizeremizere, anapukuta timagalasi tam'mbali, nkuika kakhasu kaja pampando umene ndinakhala ine. Atatero anatsokomola. Ine sindinagwedeze katani, ndinamutsegula yense. Anavula chipewa nkuweramira tayala, ndipo anakhala choncho mpaka Gerard analiza hutala. Pamenepo mpamene anazindikira kuti galimoto ya Gerard, yokhayo imene inkapitadi kwinakwake, anaiwala kuipalira. Anaipalira ndi chivundikiro cha bokosi la kamba, ndipo ndege anaipeza anthu akukwera kale.

A Kebby anachoka ku Dublin Lachisanu pa 21 Januwale 2011.