Chithunzi cha Mitu Yowerama

Achemwali anga analibe chithunzi cha amuna awo ngakhale chimodzi. Alamu anamwalira matipate atangoyamba kumene, chifuwa chitatheratu ndi utsi umene tinkameza limodzi pozimitsa moto ku esiteti ya tiyi. Ndiye atamva kutchalitchi kuti kampani yatsegula kanyumba koonetsera zinthu zakale zozimira moto, ndipo pakhoma pali chithunzi cha gulu lathu, anandipeza ndikumeta ndevu.

"Achimwene, ndiperekezeni. Nkhope yawo yayamba kundithawa m'mutu."

"Nkhope ija? Umenewo si mwayi?" ndinatero. Anandigenda ndi chitsononkho, kenako tinakakwera kabaza pa Limbuli.

Kanyumbako ndi komwe tinkasungiramo feteleza, angokapaka laimu. Nditangolowa mtima unandiwira. M'magalasi munali zipewa zachitsulo zonyezimira, majombo, ndi paipi yopiringizidwa ngati nsato yokhuta. Woyang'anira, bambo wina wa tayi, anayamba kufotokoza kuti izi n'zimene ankavala ozimitsa moto.

"Ankavala ndani, bambo? Ine ndazimitsa moto pano mpaka imvi, jombo sindinaipondepo. Zimenezi zinkagona m'sitolo, kiyi ali m'thumba la kapitawo, kapitawo ali kumowa!"

"Ine ntchito ndayamba posachedwa, madala," anatero mwaulemu. Ndinamusiya, wolakwa sanali iye.

Osaka mbewa akayatsa tchire, moto n'kulowera kumabulugamu, belu likangolira ifetu tinkathyola nthambi zaziwisi n'kumamenya malawi, mapazi ali pamakala. Nthambi m'galasimo munalibe. Kaya ankaopa kuti iwachititsa manyazi.

Chithunzi chinali pakona. Nditachiona, tsikulo linandibwerera lonse. Anatitulutsira zipewa zija kuti tivale tijambulitse, ife n'kumasekana ngati tavala mapoto. Koma bwana wamkulu atafika n'kuima pafupi ndi wojambula, tinachita zimene makolo anatiphunzitsa: pamaso pa wamkulu suvala chipewa, ndiponso sumuyang'ana m'maso. Tonse tinavula, kufumbata zipewa pamimba, mitu pansi. Wojambulayo, chitsiru cha munthu, m'malo motiuza kuti tiweramuke anangodina basi.

Ndiye pakhomapo nkhope ilipo ndi ya kapitawo yekha, mano onse panja. Enafe ndi mitu yokhayokha, ina yadazi, ina yometa mpala, mzere wonse ngati maungu pamsika. Ulemu! Tinapsa miyendo chifukwa cha tiyi wa eni ake, ndipo tsiku limodzi lokha loti nkhope zathu zisungike tinalipereka kwa munthu amene sankadziwa ndi maina athu omwe.

Achemwali anayendetsa chala pagalasi, kupita uku, kubwerera uku. Anawerama n'kumasuzumira chakunsi, ngati kuti akatero awaona kumaso anthuwo. Apo ndiye ndinalakalaka kuthyola chipewa chimodzi ndi mano. Mitu itawakanika anatsikira kumiyendo, ndipo chala chinaima pa miyendo ina yamatewe.

"Ndi awa. Miyendo iyi ndinkaithowa ine akabwera kumoto."

Miyendo imeneyo ndimaidziwa bwino. Ndi ya mkulu wina wa ku Likhubula, wamantha kwabasi, amene belu likangolira m'mimba munkamupota n'kuthawira kuchimbudzi. Alamu anaima kumbuyo kwenikweni, ndipo chimene chikuoneka ndi khutu limodzi lokha. Ndinayang'ana khutulo. Ndinayang'ananso achemwali akupukuta galasi ndi nsonga ya chitenje.

"Ndi iwowo," ndinatero. "Matewe amenewo angasowe?"

"Mwano basi, achimwene! Munthu anagona kale, mukumunenabe?" Ankaseka, misozi ikutsika.

Anapempha mpando kwa bambo wa tayi uja, n'kukhala pansi pa chithunzicho kumacheza ndi miyendo ya eni ake, kuiuza za denga lodontha ndi za zidzukulu. Ine ndinatuluka n'kukalowa m'munda wa tiyi, kumene ndikanatha kutukwana iwo osamva.