Makatani a Mayi Burulcha

Mu msewu wathu wa ku At-Bashy palibe amene anabwerapo kunyumba ataledzera, kapena kugulitsa nkhosa mkazi wake asakudziwa, nkhani n'kugona osamveka. Sikuti apolisi athu ndi akhama ayi. Amenewo ngakhale hatchi yawo itabedwa amachita kumva kwa anthu. Chomwe chinkagwira ntchitoyo ndi zenera la mayi Burulcha.

Mayiwa anakwatiwa akadali mtsikana m'nyumba ya pamphambano, pomwe msewu wa kumsika umakumana ndi wopita kumzikiti. Apongozi awo anawaikira makina osokera pafupi ndi zenera kuti aziona bwino ulusi, ndipo tsoka lathu linayambira pomwepo. Manja ankasoka zofunda za ubweya wa nkhosa, maso ali panja. Anabereka ana, anaika amuna awo m'manda, maboma anasintha, koma mpando uja sunasunthe. Amene akuona ngati izi n'zoseketsa sanakhalepo moyang'anizana ndi zenera limenelo. Munthu waulemu wake ankati akaterereka pa madzi oundana m'mawa, pofika masana ana asukulu ali kalikiliki kuyeserera mmene anagwera. Ena a ife sitinaiwale, ndipo sitidzaiwala.

Koma zenera la nyumba yakale ndi khomo la chisanu. Matabwa ake anali atauma n'kulekana, mphepo ya kumapiri inkangolowa ngati mlendo wodziwa pomwe pamakhala tiyi. Chaka china chibayo chinawagwira mayi Burulcha, nagona m'chipatala mpaka chipale chofewa chitasungunuka. Mwana wawo Kubanych, wogwira ntchito kulikulu, ku Bishkek, amene monga ana onse a masiku ano amayesa kuti kukonda kholo ndi kulilamula, anabwera nthawi yokumba mbatata.

"Amayi, mukadzangotsokomolanso, ndidzabwera kudzakutengani. Chipinda chilipo kale, pamwamba penipeni pa nyumba yosanja. Kotentha bwino."

"Zenera lake linaloza kuti?"

"Kumwamba basi. Mitambo, nkhunda..."

"Nkhunda! Nkhunda zimachita chiyani choti munthu n'kuonera? Iwe Kubanych, unayamwa bere langa kapena la mbuzi?"

"Ndanena ndanena, amayi. Tsekani zeneralo ndi katani yokhuthala, apo ayi longedzani."

Mayi Burulcha ankaopa chipinda cha nkhundacho kuposa manda, choncho anasoka. Ndipo chilungamo chinenedwe, ngakhale chikuwawa: kusoka ankakudziwa. Anachapa ubweya, kuuyanika, kuumenya ndi ndodo mpaka unafufuma, n'kuuyala pakati pa nsalu ziwiri. Kunja anaika nsalu yobiriwira ya patebulo, mkati chikhothi chakale cha malemu amuna awo chomwe anachisosola. Anadutsitsa mizere ya ulusi pafupipafupi kuti ubweya usatsikire pansi n'kusiya pamwamba popanda kanthu. M'mbali anasokerera timagonga tokola pa misomali, m'munsi analowetsa ndodo kuti katani igwirane ndi khoma. Itapachikidwa, mphepo inasowa polowera. Malasha omwe kale ankatha msanga anayamba kukhalitsa, mphaka anachoka pambaula n'kukagona pakati pa chipinda.

Msewu wonse unapuma. A Toktosun, mdala wa tsidya lina la msewu amene wakhala akubisa botolo la mowa moyo wake wonse, anadutsa dzuwa likuswa mtengo akuyimba nyimbo ya usilikali.

M'nyumba yofundayo mayi Burulcha anayamba kuwonda. Ankamva ziboda za hatchi osadziwa wakwerapo ndani. Chitseko cha galimoto chinkamenyedwa, iwo n'kungokhala ngati wakhungu paukwati. Chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti nkhani yoti mwana wa mayi Zuurakan, mnansi wawo, wapeza banja anaimva kwa Zuurakan mwini wake. Chibadwire anali asanamvepo nkhani kwa mwini wake.

Anatenga sizasi n'kuboola katani ija kabowo ngati pansi pa kapu, kukapinda m'mphepete mwaluso, n'kusokerapo kachitseko ka batani. Koma katani yabwino ili ndi mwambo wake. Popeza kutentha sikunkafikanso pagalasi, galasilo linaundana lonse mbuu. Kuti aone kanthu ankayamba alowetsa milomo pakabowo n'kuuzira mpweya, kenako n'kuthamangitsirapo diso pasanaundanenso. Ndipo chisanu chonse chomwe kale chinkalowa mogawana pazenera lonse tsopano chinkalowa pamodzi, m'diso limodzi. Diso linatupa, khosi linauma, ndipo m'chifuwa munayamba kukerekesa. Kubanych ataimba foni, kachifuwa kanawapulumuka asanatseke pakamwa.

Mawa lake kunabwera mayi Zuurakan.

"Anzanga, disolo latani? Mwaona chiyani chosayenera kuona?"

"Utsi wa mbaula."

"Utsi wa kwanu umachita kusankha diso?" Anaseka, kenako anavula chikhothi, n'kumasulanso mpango. "Koma muno mukufunda bwanji! Kwathu tikugona ndi zipewa. Simungandisokereko katani yanga?"

Mayi Burulcha anatsegula pakamwa kuti akane, n'kutsekanso. Diso labwino lija linawala.

"Mazenera ake ndi aakulu bwanji?"

"Ngati lanuli."

"Ayi anzanga, mazenera amasiyana ngati ana a mimba imodzi. Ndibwere ndidzayeze ndekha. Ndi lakuchipinda lomwe."

Umu ndi mmene chiweruzo chinasamukira kuchoka pazenera n'kulowa m'nyumba zathu. Kabowo kaja anakatseka ndi chigamba, poti kanalibenso ntchito. Ankabwera kudzayeza, kubweranso chifukwa ati anaiwala kutalika kwake, kubwera kudzapachika, n'kudzabweranso kudzaona ngati ubweya sunatsike. Munthu woyeza zenera amakwera pabokosi, amasuntha bedi, amaona zapansi pake. Mpaka lero sindimvetsa kuti anthu oti anapita kusukulu anamutsegulira bwanji khomo munthu ameneyu, koma chisanu cha kuno chimachotsa nzeru, ndipo tonse tinatsegula. Iwo ankakhala tsiku lonse pafupi ndi mbaula za eni, kumwa tiyi wamkaka wa eni, diso n'kuphwa.

Kubanych sanaiwale chifuwa chija. Msewu wa kumapiri utatseguka anafika ndi galimoto, mipando ya kumbuyo atayalamo zofunda. Anapeza nyumba yotseka. Amayi ake anawapeza kwa a Toktosun, atakhala pamalo a alendo olemekezeka, masaya ali psuu, chingwe choyezera chili m'khosi.

"Amayi, nyamukani. Munatsokomola pafoni, ndinamva ndi makutu angawa."

"Ndinatsamwa ndi buledi. Buledi aliponso ku Bishkek, ukudziwa?"

"Musandizunguze." Anatembenukira kwa mwini nyumba. "Bambo Toktosun, inu ndinu wamkulu, simunganame. Amayi akudwala kapena ayi?"

Msewu wonse unali m'manja mwa munthu mmodzi. Akanangoti akutsokomola, mawu amodzi okha, tikanakalamba mwaufulu ngati anthu a m'midzi ina. A Toktosun anayang'ana zenera la kuchipinda kwawo, lomwe linali lisanalandire katani, mphepo ikuimba mluzu m'ming'alu. Kenako anaona kuti mayi Burulcha akuyang'ana bokosi la zofunda lomwe anakwerapo m'mawa uja, momwe munabisidwa botolo lija, ndipo akazi awo a Toktosun akuyang'ana komwe mayi Burulcha akuyang'ana.

"Mwana wanga," anatero mdalayo, "amayi akowa ndi amphamvu ngati hatchi. Sindinawamvepo ngakhale kuyetsemula."

"Wamva?" anatero mayi Burulcha. "Khala pansi umwe tiyi. Ndipo undiuze, mkazi wako wakhaliranji osabwera nawe? Mwayambana?"

Kubanych anamwa tiyi mofulumira, anakagwira katani ya kunyumba kwa amayi ake, anavomereza kuti m'nyumbamo mukufunda kuposa mwake, ndipo anabwerera yekha, mipando ya kumbuyo itadzaza nyama ya nkhosa ndi mabotolo a jamu. A Toktosun analandira katani yawo sabata yomweyo, yokhuthala kuposa ya wina aliyense. Akamadutsa pamsika amapereka moni kwa onse, koma si onse amene amayankha.